Parafuzu Amene a Timoteyo Sanathyole

A Timoteyo, makaniko wa ku Cassacatiza, pa malire a dziko lathu ndi Zambia, sankayang'ana parafuzu wa dzimbiri m'maso. Ankati ndi apongozi awo.

Amene anabwerako ku Malawi ndi ku Zambia nkhondo itatha amati bawuti. Enafe timati parafuzu. Chinthu chake n'chimodzi: kachitsulo ka mazinga kamene kamagwira motoro, injini ya galimoto, kuti usamwazike. Kakakhala katsopano kamatuluka ukangokapotokola ndi shavi, imene ena amati sipanala. Kakakalamba, kakamwa mvula ndi moto wa utsi zaka zambiri, kamamera mizu. Zikafika pamenepo amakaniko ena amatenga nyundo. A Timoteyo ankavula chipewa.

Ntchito ankagwirira pansi pa mkuyu, kuseri kwa bwalo limene magalimoto akuluakulu amadikirira kuwoloka malire. Galimoto ikafika, ankayesa parafuzu aliyense ndi dzanja lofewa. Akapeza wokana, ankabwerera m'mbuyo, kunyonyomala, n'kuwomba m'manja motsitsa.

"Odi kumeneko. Ndife ana anu. Tabwera kudzapempha njira."

Kenaka ankawapatsa chakumwa: palafini wosakaniza ndi mafuta a mabuleki, wodonthezera ndi nthenga ya nkhuku. Kenaka kugogoda pamutu ndi kanyundo kakang'ono, kuti dzimbiri ligwedezeke m'kati. Akatero ankachoka, kukakhala pa tayala n'kumasenda mzimbe. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Tsiku lomasula likakwana, ankatembenuzira nkhope ku Zambia, monga achitira mkamwini akakumana ndi amake a mkazi wake panjira, n'kuveka shavi pamutu pa parafuzu mopapasa. Ndipo poyamba ankamanga pang'ono, osati kumasula.

"Wamkulu sumuuza kuti tulukani," ankatero. "Umayamba wamuuza kuti khalani. Akakhazikika, amanena yekha kuti ndapita."

"Nanga kuyang'ana kumbaliko, madala?" anthu ankafunsa.

"Maso ali ndi changu. Dzanja ndi limene limamva akamadandaula."

Ndipo ankatulukadi. Parafuzu ankalira pang'ono, kwii, n'kuyamba kuyenda ngati nkhalamba yopita kumowa. Kuyambira pamene anaphunzira ntchito ku Tete ali mnyamata mpaka kumera imvi, a Timoteyo sanathyolepo ndi mmodzi yemwe. Ankauza aliyense zimenezi, ngakhale munthu wongofunsa njira ya kuchimbudzi.

Vuto linali nthawi. Motorista wina, dalaivala wa ku Katete, anafika ndi chigalimoto chotulutsa utsi ngati ng'anjo ya njerwa.

"Madala, ndili ndi changu. Katunduyu akumudikira ku Beira."

"Apongozi anu mumawauza kuti muli ndi changu?"

"Ndilibe apongozi. Sindinakwatire."

"Zikuoneka."

Anadikira. Ankadya kwa mayi wina wokazinga mbatata pafupi ndi malire, amene anali ndi mwana wamkazi womuthandiza kusenda. Pamene parafuzu ankatuluka, motorista uja anali atapeza apongozi enieni. Alipo mpaka lero. Ana ake anthu amawatcha ana a dzimbiri, ndipo wamkulu wayamba kale kupalasa njinga.

Parafuzu akakana palafini, a Timoteyo ankamuotha moto. Ankasonkha makala m'chitini, kupemerera ndi bango mpaka chitsulo chitatentha, kenaka n'kukhudzitsapo kandulo. Phula linkasungunuka n'kutsetserekera m'mazinga. Makandulowo sankagula. Akazi awo, a Generosa, ndi amene ankasesa m'tchalitchi, ndipo makiyi ankagona m'nyumba. Katekista anadabwa kuona makandulo a pa guwa akufupika pakati pa mlungu, popanda wowayatsa. Anatsata fungo mpaka pansi pa mkuyu.

"A Timoteyo, awa ndi a pa guwa."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake amagwira ntchito."

"Ndi tchimo limeneli."

"Si inu munawerenga Lamulungu kuti omangidwa amasulidwe? Ine ndangoyambira pa amene ali pafupi."

Katekista anapita akupukusa mutu. Patapita nthawi anabwera akukankha njinga yake yamoto, kandulo ali nayo yekha m'thumba.

Tsidya la msewu kunali makaniko wina, Marko. Iye anali ndi makina owotcherera zitsulo, nyundo yaikulu ngati mutu wa ng'ombe, ndi mapaipi otalikitsira shavi. Ankathyola ambiri kuposa amene ankamasula. Akathyola ankawotcherera kachitsulo pa chitsa chotsalacho n'kuchizula, akuimba. Achangu ankapita kwa Marko. Okonda galimoto zawo ankapita kwa a Timoteyo. Awiriwa ankapatsana moni tsiku lililonse.

"Mwadzuka bwanji, akamwini?"

"Ndadzuka, kaya inu opha anthu."

Tsopano Ernesto. Iye anakwatira Yudita, mlongo wawo wa a Timoteyo, ndipo ankakhala kumudzi mbali ya ku Nsadzo. Anakulira ku Zambia pothawa nkhondo, n'chifukwa chake ankati bawuti. Anali ndi kagalimoto kotsegula kumbuyo kamene kankanyamula anthu, mbuzi ndi matumba kupita ku malire. Kanali kakale kwambiri moti chitseko ankachimanga ndi luzi. Palibe amene ankakagwira koma a Timoteyo. Alamu awiriwa ankanyozana ngati ana.

"Alamu, galimoto yanuyi ndi chitini chimene chinaphunzira kuyenda."

"Chinaphunzira msanga kuposa inu kumasula bawuti."

Chaka chimenecho Ernesto anamanga nyumba ya zidina, njerwa zosawotcha. Makoma anaima, denga panalibe. Malata anagula ku malire n'kuwaunjika kuseri kwa nyumba ya a Timoteyo, kuti awanyamule ulendo wotsatira. Ulendo wotsatirawo galimoto inatentha, madzi n'kusakanikirana ndi mafuta m'motoro. Kunali kofunika kuchotsa mutu wa motoro, ndipo mutuwo suchoka usanachotse chitsulo chotulutsira utsi chimene chimaugwira m'mbali. Maparafuzu a pamenepo ndi amene amapsa kwambiri. Onse anatuluka mwaulemu. Anatsala mmodzi, wakumapeto, wobisala pafupi ndi miyendo ya woyendetsa.

A Timoteyo anavula chipewa. Ernesto anayang'ana kumwamba. Mitambo inali itayamba kuunjikana.

"Alamu, mitamboyo mwaiona?"

"Ndaiona. Sindine ndaiitana."

"Zidina zija zikanyowa, mlongo wanu agona m'matope."

"Mlongo wanga anagonapo m'matope pothawa nkhondo. Sanasungunuke."

"Bawuti mmodzi, alamu. Mmodzi."

"Musawatchule chonchi ali pomwepa."

Masiku anayenda. Nthenga inkadontheza, kanyundo kankagogoda. Yudita anatuma uthenga ndi wanjinga kuti kumudzi kwawaza kale, ndipo ngati mwamuna wake wakwatiranso ku malire ngati uja wa ku Katete, angonena. Ernesto anasiya kudya bwino.

Tsiku lina masana a Timoteyo anaika khutu pa chitsulo, anagogoda, n'kumwetulira.

"Afewa mtima. Mawa m'mawa atuluka."

A Generosa anawaitana kukadya. Ernesto anati alibe njala. Anatsala yekha ndi galimoto, dzuwa lili paliwombo, anthu onse ali m'mithunzi. Kumadzulo kunagunda bingu.

Sanaganize nthawi yaitali. Anati ngati afewa mtima, lero ndi mawa n'chimodzimodzi. Anatola paipi imene inali itagona m'udzu mbali ya kwa Marko, anaveka shavi, anaveka paipi pa shavi, n'kutsamirapo thupi lonse. Poyamba kunali gwa. Anatsamiranso. Kenaka kunafewa.

Aliyense amene anagwirapo chitsulo amakudziwa kufewa kumeneko. Si kufewa kwa chinthu chimene chikumasuka. Ndi kwa khosi la nkhuku.

Ernesto anasiya pomwepo. Mutu wa parafuzu unali ukadali pamalo pake, wogwira ndi kachitsulo kochepa ngati ulusi. Anachotsa shavi mosamala kuposa momwe ananyamulira mwana wake woyamba. Anapukuta ndi malaya. Anadonthezapo palafini ndi nthenga. Paipi anaibweza m'udzu. Kenaka anayang'ana uku ndi uku, ananyonyomala, n'kuwomba m'manja. Ulemu wake unabwera mochedwa.

Madzulo akanatha kunena. Anakhala pakhonde ndi alamu ake, akumva nkhani ya parafuzu wina wa mu thalakitala ya atsamunda amene anawadikiritsa nyengo yonse yokolola. Anaseka pamene pankafunika kuseka. Sananene.

M'mawa anthu anasonkhana, monga ankachitira nthawi zonse tsiku lomasula. Ogulitsa mbatata, amotorista odikira mapepala, ngakhale msilikali wa pa malire anabwera ndi tiyi wake. A Timoteyo anavula chipewa, anawomba m'manja, anatembenuzira nkhope ku Zambia, n'kuveka shavi mopapasa. Akanayang'ana, akanaona mabala atsopano pa ngodya za mutuwo, owala ngati siliva. Mwana aliyense akanawaona. Koma munthu sayang'ana apongozi.

"Khalani, amayi," anatero, n'kumanga pang'ono.

Mutu unabwera m'shavi wopanda phokoso, ngati dzino la mwana. Unagwera m'fumbi.

A Timoteyo anakhalabe choyang'ana kumbali, dzanja lili m'malere. Kenaka anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana dzanjalo.

"Sindinakoke," anatero. "Sindinakoke n'komwe."

Wina anaseka. Kenaka onse. Sikunali kuseka kwa nkhanza. Anthu anali atadikira tsiku limeneli zaka zambiri, ndipo analilandira monga alandirira mvula. Marko anawoloka msewu akupukuta manja.

"Takulandirani, madala. Kwathu kuno timathyola tsiku lililonse, ndipo timagona tulo."

Mawu anafika pa mano a Ernesto. Anali pomwepo, anangotsala kutsegula pakamwa. Koma a Timoteyo anamutembenukira, anthu onse akuona, ananyonyomala m'fumbi n'kumuwombera m'manja monga ankawombera zitsulo.

"Alamu, ndakulakwirani. Ndakudikiritsani pachabe."



"Zimachitika," anatero Ernesto.

Mawu amenewo ndi amene anamutsata.

Chitsa chotsala anachizula Marko ndi moto wake. Ntchito yonse anamaliza ndi Marko, chifukwa a Timoteyo anakana kukhudzanso. Koma panafunika chipangizo china chochokera ku Tete, ndipo galimoto inakhalabe pansi. A Timoteyo sanafunse munthu. Anabwereka ngolo ndi ng'ombe, anapachira malata onse, n'kuyamba ulendo wa ku Nsadzo tambala atangolira. Mvula inawapeza panjira. Anafika atanyowa ngati nsanza, chipewa atavundikira thumba la misomali kuti isachite dzimbiri.

"Achimwene, mukufuna kufa?" anatero Yudita.

"Ndinathyola ndine. Ndisenza ndine."

Ernesto, amene anawatsatira pa njinga yamoto, anakwera padenga tsiku lomwelo. A Timoteyo ankamupatsira malata ali pansi, akutsokomola. Ernesto anadzimenya chala ndi nyundo mpaka chikhadabo chinada, ndipo anamva bwino pang'ono.

Kuyambira pamenepo a Timoteyo anapachika mashavi awo pa msomali. Wobwera ndi galimoto ankamulozera tsidya la msewu.

"Pitani kwa Marko. Dzanja langa lagontha."

"Madala, mmodzi yekha. Ndani sanalakwepo?"

"Sikulakwa kumene kukundiopsa. Ankafa ali m'dzanja langa, ine osamva kanthu. Wotsatira ndidzamumva bwanji?"

Anayamba kulima dimba. Tomato wawo sankamulankhula. Makandulo a m'tchalitchi anayamba kufika Lamulungu ali aatali, ndipo katekista, m'malo mokondwa, ankawayang'ana ndi chisoni.

Ernesto anaganiza zokanena. Anagwira tambala wamkulu, wa lipombo lofiira, monga achitira munthu wokapepesa, n'kupita naye. Panjira ponse ankakonza mawu. Anapeza a Timoteyo pakhonde. Anakhala pansi, anaika tambala patsogolo pawo, n'kutsokomola.

"Alamu, ndabwera pa nkhani ya bawuti uja."

A Timoteyo anayang'ana tambala, anayang'ana Ernesto, maso n'kulengeza misozi.

"Amake a Lucas, tabwerani mudzaone. Ine ndi amene ndinayenera kupita ndi nkhuku kwa iwo. Abwera nayo ndi iwo, kudzandiuza kuti alibe nane chifukwa."

"Ayi, alamu, ine ndimati..."

"Musanene zambiri, mungandilize. Mlongo wanga anakwatiwa ndi munthu."

A Generosa anali atanola kale mpeni. Ernesto anadya kupepesa kwake komwe. Anamupatsa nthutumba ndi ntchafu, monga mlendo wolemekezeka, ndipo anamukakamiza kuwonjezera msuzi.

Mungafunse kuti chinamugwira pakamwa n'chiyani. Poyamba anaopa kusekedwa. Kenaka anaopa Yudita. Kenaka anaopa kuti wachedwa, ndipo tsiku lililonse loopa kuchedwa linkamuchedwetsanso. Chinthu chikakhalitsa pamalo amodzi chimagwira. Ernesto ankadziwa zimenezi. Anali ataziona ndi maso m'motoro wake.

Anayamba kuchita zabwino zosapemphedwa. Ankabweretsa nkhuni. Ankanyamula tomato wa a Timoteyo kupita naye ku msika osalola kuthokozedwa. Anawagulira jekete. Chilichonse chinkangowonjezera mbiri yake. Anthu pa malire ankati, mukafuna mlamu, pezani ngati Ernesto: anamuthyolera galimoto, iye akubweza ndi jekete.

Nyengo yozizira itafika, a Timoteyo anagona. Miyendo inatupa, mpweya unkavuta. Tinene zoona: parafuzu sapha munthu. Achipatala ku Chifunde anati ndi mtima, ndipo unayamba kale. Mvula ija mwina inathandizira, mwina ayi. Ernesto anawatenga pa galimoto kupita nawo ndi kubwera nawo, ndipo njira yonse ankamvetsera chifuwa chawo kuposa motoro.

Tsiku lina anawapeza atagona pamphasa padzuwa, a Generosa atapita kumadzi. Panalibe wina. Anakhala pafupi.

"Alamu. Tsiku lija, masana aja, inu mutapita kukadya."

"Ndikukumbuka. Kunali nyemba."

"Ine ndinatsala ndi galimoto."

"Munatsala. Munalibe njala. Ndinakuzunzani, alamu, ndikudziwa." Anapuma kaye. "Ndaganiza zambiri pamphasa pano. Ndinkadzitama kwambiri. Aliyense wodutsa, sindinathyolepo, sindinathyolepo. Makolo anatopa nazo. Anati timuonetse. Koma chimene chimandipweteka, alamu, anasankhira pa galimoto yanu. Akanasankha ya mlendo."

Ernesto anayang'ana kudimba.

"Mumati chiyani za masana aja?"

"Ndimati kunagunda bingu."

"Kunagunda," anatero a Timoteyo. Anatukula dzanja lamanja, kulitembenuza uku ndi uku. "Likuoneka lomwe lija. Ndi limene limandinyenga."

Anamwalira mlungu womwewo, m'mawa, a Generosa akuwaphikira phala.

Maliro anali aakulu. Amotorista anaimika magalimoto m'mbali mwa msewu mpaka msilikali anasiya kuwerenga. Adzukulu, potseka bokosi, anavula zipewa, anayang'ana ku Zambia, n'kupempha misomali kuti ilowe mwaulemu. Anthu anaseka akulira. Marko anapempha kulankhula. Anati iye wathyola zitsulo zokwana kudzaza ngolo, koma munthu wagona apayu, moyo wake wonse, mmodzi yekha. Khamu linavomera ndi kung'ung'udza. Mmodzi yekha. Ernesto anali atanyamula nawo bokosi, ndipo phewa linamuwawa masiku ambiri.

Anthu atabalalika, tsiku lometa litapita, anapita kwa a Generosa. Anawapeza kuseri kwa nyumba akusankha nyemba m'lichero, mutu uli mbee. Sanabwere ndi nkhuku. Ananena ali chiimire, zonse, paipi, kufewa kuja, malaya, nthenga. Zinatuluka mosavuta moti anadabwa.

A Generosa sanasiye kusankha.

"Mwatha?"

"Ndatha."

"Anakhala pakhonde apo dzinja lonse ndi masika onse. Munkabwera. Munkadya."

"Ndinkabwera."

"Ankadzuka m'mawa n'kumayang'ana dzanja lake ngati la mlendo. Kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri, kuopa kuti aiphwanya osamva." Anataya kamwala. "Tsopano mwabweretsa kwa ine. Ndichite nazo chiyani, atate ake a Olga? Ndikafukule ndikamuuze?"

A Generosa anagwedeza lichero.

"Ine sindinathyoledwe kanthu. Dzina lake linagwera pamsewu paja. Kalitoleni komweko."

Anapita tsiku lomwelo. Anapeza anthu pa benchi ya mayi wa mbatata, Marko ali pomwepo. Anaima pakati n'kunena mokweza kuti a Timoteyo sanathyole parafuzu uja. Anathyola ndi iye, Ernesto, ndi paipi, masana a dzulo lake la tsiku lomasula lija.

Anamuyang'ana. Marko anayamba kumwetulira.

"Iwe? Ndi timikono timeneti?"

"Ndi paipi yako. Inali m'udzu."

"Mapaipi anga onse amakhala m'udzu. Ife tinalipo, Ernesto. Tinaona ndi maso, mutu ukugwa m'shavi ya madala."

"Unali utathyoka kale."

Mayi wa mbatata anapukuta maso ndi chitenje.

"Tamuonani. Ali moyo anamugulira jekete. Wamwalira, akufuna kumusenzera ndi mlandu womwe. Alamu otere anatha."

"Sindikusenza wa munthu. Ndi wanga."

"Eya, eya. Khalani pansi, mudye mbatata. Chisoni chimatero."

Anayesa kwa katekista. Katekista anati ndi chikondi chachikulu munthu kudzipereka chifukwa cha mbale wake, ndipo anazitchula mu ulaliki. Amene anakhulupirira ndi Yudita yekha, chifukwa amamudziwa mwamuna wake. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndiye malata aja achimwene anasenzeranji?" Mpaka lero mvula ikamagwa padenga, m'nyumba mwawo salankhulana.

Pa Cassacatiza tsopano zinthu zimayenda msanga. Nyundo ya Marko imayamba m'mawa, moto wake umathetheka mpaka dzuwa kupendeka. Galimoto imafika lero, imachoka lero, imabweranso mlungu wamawa. Palibe amene amadikira, choncho palibe amene amakhala pansi n'kudziwana ndi mnzake. Pansi pa mkuyu pamagona mbuzi. Anthu sakudandaula, ntchito ikutheka. Koma chitsulo chikalira pothyoka tsidya lija, akuluakulu amasiya kaye kutafuna.

Motorista watsopano akakhala pa benchi, sipalephera wina womuuza za madala amene ankawombera m'manja dzimbiri. Amanena bwino, ndi manja omwe, ndi nkhope yotembenuzira kumbali. Ernesto akakhala pafupi akupachira matumba, amasiya thumba pansi n'kubwera.

"Sanathyole. Ndinathyola ndine."

"Awa ndi alamu ake," amatero wokamba nkhaniyo motsitsa mawu. "Ankakondana kwambiri."

Amamusunthira kuti akhale. Iye sakhala. Wokambayo amadikira mwaulemu mpaka Ernesto atabwerera ku matumba ake, kenaka amatembenukira mlendo uja n'kutukula chala.

"Moyo wake wonse, bambo. Mmodzi yekha."